NJANJI YA KU CHIROMO IFUFUZIDWE ISANAMANGIDWENSO

Kwa zaka zambiri anthu ochokera ku Bangula kupita ku Makhanga akhala akuoloka pa bwato pa Mtayamoyo, pamalo pomwe kale pankadutsa sitima ya pamtunda. Madzi osefukira a m'chaka cha 1997 ndiwo adadula njanji pamenepo. Ana obadwira m'derali pambuyo pake amayesa kuti zitsulo zimene zikuchita dzimbiri m'thengo ndi kanthambi chabe ka njanji komwe kadalibe ntchito yeniyeni. Ana sangadzudzulidwe. Chomvetsa chisoni nchakuti maganizo omwewo amapezekanso pakati pa ena ogwira ntchito m'Boma.

Chimene lero chikuoneka ngati nthambi ndicho chidali thunthu. Imeneyi ndiyo njanji yoyamba m'dziko lino, ndipo sitima idafika nayo ku Blantyre m'chaka cha 1908. Kampani ya Shire Highlands Railway, yomwe idaimanga, sidalinge kutumikira anthu a m'chigwa cha Shire ayi. Azungu a minda ya ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre ankafuna njira yotulutsira thonje, fodya ndi tiyi, komanso ankafuna kuti amuna amene ankasenza katundu pamutu pa ntchito ya mtengatenga azikalima m'minda yao.

Poyamba adakonza zoti njanji iyambire pa Chiromo, pomwe Ruo amathira mu Shire, kuti katundu azitsikira pamenepo ndi kukwera sitima za pamadzi zopita ku doko la Chinde. Koma Shire adayamba kuphwa, sitima zija nkumatitimira mumchenga. Motero njanji idatalikitsidwa mpaka ku Port Herald, Nsanje wa lero, mailosi 113 kuchokera ku Blantyre. Kumenekonso madzi adachepa, ndipo pofika 1915 njanji idali italowa m'dziko la Apwitikizi kukafika ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi. M'chaka cha 1922 njanji yochokera ku Beira idafika kutsidya kwa mtsinjewo, koma katundu ankaolokabe pamadzi kufikira 1935, pamene mlatho wa Dona Ana, wotalika kupitirira makilomita atatu ndi theka, udatsegulidwa. Ngongole yaikulu ya njira ya ku Beira idasenzedwa boma la Nyasaland, kutanthauza anthu wamba okhoma msonkho. Katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail adalemba kuti mtolo umenewu ndi chimodzi mwa zimene zidasaukitsa dziko lino m'nthawi ya atsamunda.

Komabe anthu adaitenga njanjiyo kukhala yaoyao. Amai a ku Thekerani ndi Sandama ankakweza nthochi kupita nazo ku Limbe, nsomba za kuchigwa zinkakwera mtunda, odwala ndi ana a sukulu ankayendera sitima yomweyo kumadera kumene galimoto silifika nthawi ya dzinja. Ntchito imeneyi atsamunda sadaiwerengere, koma ndiyo idakhalitsa kuposa zonse.

Kugwa kwake kudadza pang'onopang'ono. M'chaka cha 1970 Boma la Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda lidatsegula njanji ya ku Nkaya mpaka ku Nayuchi, yopita ku doko la Nacala, ndipo katundu adapeza khomo lachiwiri. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, ndipo mlatho wa Dona Ana udaonongedwa m'chaka cha 1986. Kenaka padadza madzi a 1997. Sitima ya anthu idapitirizabe kuyenda pakati pa Limbe ndi Makhanga, mpaka madzi a m'chaka cha 2015 adaimitsa nayonso.

Nkoyamikika kuti m'chaka cha 2022 ntchito yokonzanso chigawo cha Marka mpaka Bangula idayamba, ndi kuti m'chaka cha 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira idafika pa Marka. Koma chigawo chovuta nchomwe chili kumpoto kwa Bangula. Mbiri yonse ya njanjiyi ikuonetsa chinthu chimodzi: kuyambira pachiyambi, wolamula njira yake adali madzi. Madzi atachepa adaikokera kummwera, atachuluka adaidula. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo Ruo waonetsa kale kuti amasintha njira akafuna. Kuyala zitsulo zatsopano pamzere wakale popanda kufunsa chifukwa chake mzerewo udadutsa pamenepo, nkutaya ndalama za anthu mumtsinje.

Tsono kafukufuku ayambire ku Zomba, ku nkhokwe ya zolembedwa zakale za Boma, kumene akatswiri ayenera kufunafuna mapu ndi malipoti a mainjiniya oyamba. Mitu ya sitima zakale imene ili pabwalo la nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri njokondweretsa ana a sukulu, koma singanene kuti madzi adafika pati chaka chakuti. Zimenezo akuzidziwa ndi akapitao a njanji opuma pa ntchito, pamodzi ndi nkhalamba za kwa Mlolo ndi kwa Mbenje, ndipo anthu amenewa akutha chaka ndi chaka.

Funso la cholinga lifunsidwenso mwatsopano. Ngati njanjiyi idzangonyamula mafuta ndi feteleza kupita m'mizinda, nkumadutsa pa Sankhulani ndi Thekerani osaima, ndiye kuti idzabwerera ku cholinga cha atsamunda.

Atsogoleri a Chipani a m'nthambi ndi m'madera ali ndi mbali yao. Alembe maina a okalamba onse amene adagwirapo ntchito panjanji ndi kuwapereka kwa Bwanamkubwa wa boma lao. Aletsenso mchitidwe wozula zitsulo nkukagulitsa, ndiponso wolima ndi kuumba njerwa pamtumbira wa njanji, pakuti pamene mtumbirawo udagumuka ndi pamene udalimba ndi umboni womwe mainjiniya adzafuna kuuona ndi maso.