ZA M'MUNDA: Kodi Thirakitala Yoyenera Munda Wanu Ndi Yaikulu Bwanji?

Masiku ano nkhani ya thirakitala imveka kawiri kawiri pa misonkhano ya makalabu. Ena agulitsa bwino fodya, ena ali ndi ana ku Johannesburg amene atumiza ndalama, ena asonkha pa gulu, ndipo onse afunsa funso limodzi: tigule yaikulu bwanji? Funsoli nlalikulu ndithu, pakuti mtengo wa thirakitala imodzi ndi thukuta la zaka zambiri. Munthu akalakwa pogula khasu ataya pang'ono, mawa agula lina. Koma akalakwa pogula thirakitala ngongole itsala pa khomo, chitsulo chigona pansi pa mtengo wa mango, nkhuku nkumaikiramo mazira.

Tsono mau athu lero ndi awa: poyamba yesani munda, kenaka onani nchito, kenaka sankhani chitsulo chimene chidzagwira nchitoyo. Thirakitala ibwera pa mapeto, pakuti iyo ili ngati ng'ombe: nchito yache nkukoka ndi kuzunguza zimene mwaimangirira.

Yesani munda wanu

Ekala imodzi ndi malo a mapazi akulu 70 m'litali ndi 70 m'mimba, munthu wamkulu akamatambasula mwendo bwino poyenda. Maekala awiri ndi theka ndiwo hekitala imodzi. Yendani m'malire a munda wanu muwerenge, musangoganiza, chifukwa munda ukula m'maso mwa mwini wache.

Ng'ombe ziwiri zophunzitsidwa bwino zilima pakati pa theka la ekala ndi ekala imodzi pa tsiku. Thirakitala ya pakati, yokoka pulawo ya mbale zitatu, ilima pafupi maekala 5 pa tsiku ngati munda uli wozulidwa zitsa. Taonani tanthauzo lache. Mlimi wa maekala 5 akagula thirakitala yotere, nchito yache yolima yatha tsiku limodzi, ndipo masiku otsala a chaka chitsulo chingokhala, chikudya ndalama za ngongole. Mlimi wotere, nzeru yache nkubwereka thirakitala ya ganyu kapena kusunga ng'ombe. Palibe manyazi pamenepo.

Koma mabanja 40 a maekala 5 akaphatikiza minda, maekala akwana 200, ndiyo nchito ya masiku 40 olima. Apo thirakitala ipeza chochita, ndipo mtolo wa ngongole upepuka. Mutu umodzi susenza denga. Chofunika nchakuti minda ikhale yoyandikana, ndi yaitali bwino. Timinda ting'ono tobalalika titha mafuta pa kutembenuka ndi kuyenda mu mseu.

Hosipawa nchiani?

Mphamvu ya thirakitala aiwerenga mu hosipawa, ndipo pa chitsulo alemba HP. Dzinali lichokera ku mphamvu ya kavalo. Koma chenjerani, pakuti thirakitala imodzi ili ndi manambala atatu. Loyamba ndi mphamvu ya injini, ndipo ndilo lalikulu, lokondedwa ndi ogulitsa. Lachiwiri ndi mphamvu yofika pa mpini wozungulira wa kumbuyo, umene auchula PTO, wozunguza chotchetchera udzu, chotonolera chimanga kapena mpope wa madzi. Iyi icheperako, chifukwa ina itaika m'magiya. Lachitatu ndi mphamvu yokoka, yotsala pamene matayala aterera pa dothi, ndipo ndiyo yochepa koposa. Mukamva wogulitsa akuti "iyi ndi ya 50," mfunseni kuti 50 wa pati.

Kufunsa kotere sikunayambe lero. Ku Nebraska, dera lina la ku America, mlimi wina dzina lache Wilmot Crozier, amene analinso phungu, anagula thirakitala yosachita zimene ogulitsa analonjeza. Iye anathandiza kupanga lamulo la m'chaka cha 1919 lakuti mathirakitala ayambe ayesedwa asanagulitsidwe kumeneko. Kuyesa kunayamba mu 1920, ndipo malo oyeserawo alipobe kufikira lero.

Palinso china chimene ogulitsa sanena kawiri kawiri. Injini ipuma mpweya monga ife, ndipo ku mtunda mpweya uchepa. Injini wamba, yopanda chokankhira mpweya chija achitcha tebo, itaya pafupi magawo 3 pa 100 a mphamvu yache pa mamita 300 ali onse okwera. Lilongwe ali pa mtunda woposa mamita 1,000, chotero kumeneko injini itaya pafupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Ku Dedza, kumene kuli kokwera koposa, itaya zambiri. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mphamvu ikhala pafupi yonse. Mlimi wa ku mapiri asagule thirakitala yongokwana pa nchito yache, aikepo kamphamvu kena kapadera.

Nchito yolemera ndiyo ilamula

Lembani nchito zonse zimene mufuna thirakitala igwire pa chaka: kulima, kuswa zibuma, kupanga mizere, kutchetcha udzu, kukoka ngolo ya chimanga, manyowa kapena njerwa, kuzunguza chotonolera. Pa zonsezi yolemera koposa ndiyo kulima, ndipo ndiyo ikuuzani msinkhu wa thirakitala. Muyeso wa amisiri uli chotere: pulawo ya mbale ziwiri ifuna hosipawa 30 kufika 40, ya mbale zitatu ifuna 45 kufika 60, ya mbale zinai ifuna 70 kapena kuposa.

Dothi nalo lili ndi mau. Mchenga ngwopepuka. Katondo wouma wa m'Okutobala alimba ngati njerwa. Makande a m'madambo ndi a ku chigwa cha Shire akauma ang'ambika ndi kulimba, akanyowa amata ndi kutitimiza matayala. Pa dothi lotere thirakitala imene ikoka mbale zitatu mu mchenga idzakoka ziwiri zokha. Mukaikakamiza itulutsa utsi wakuda, matayala azungulira pamodzimodzi, ndipo kalachi ipsa.

Za kutchetcha udzu

Ambiri afuna thirakitala yosamalira malo: kutchetcha m'mbali mwa mseu wa pa famu, pakati pa mitengo ya zipatso, pa busa la ng'ombe za mkaka, ndi kulambula malire kuti moto wa tchire usalowe m'nkhalango. Nchito iyi aigwira ndi silasha, chitsulo chokhala ndi mipeni yozungulira pansi, imene PTO iizunguza. Pa mathirakitala ambiri PTO izungulira ka 540 pa mphindi, ndipo silasha apangira liwiro lomwelo.

Muyeso wache ngwosavuta kukumbukira: hosipawa 5 wa pa PTO pa phazi liri lonse la m'mimba mwa silasha. Ya mapazi 4 ifuna 20, ya mapazi 5 ifuna 25, ya mapazi 6 ifuna 30. Uwu ndi muyeso wa udzu wamba. Ngati mudzalowa mu tsekera wokhwima wosakaniza ndi timitengo, onjezani ndithu. Silasha ya mapazi 5, thirakitala ikamayenda liwiro la munthu wofulumira, itchetcha pafupi ekala ndi theka pa ora. Maekala 12 atha tsiku limodzi. Chotero pa nchito ya udzu thirakitala ya hosipawa 35 kufika 45 ikwanira bwino lomwe. Onaninso kuti silasha ikhale yofanana m'mimba ndi matayala a kumbuyo kapena yoposako pang'ono, kuti matayala asapondereze udzu wosadulidwa. Musanatchetche yendani pa malowo muchotse miyala ndi mawaya, muzike timitengo posonyeza zitsa ndi ziulu. Ana ndi ziweto akhale kutali, pakuti mpeni uponya mwala ngati legeni.

Yaikulu siiposa nthawi zonse

Mtima wa munthu ukonda chachikulu chonyezimira, koma akulu anati walira mvula walira matope. Pa nchito ya masiku onse thirakitala ya hosipawa 40 imwa malita 6 kapena 7 a dizilo pa ora, pamene ya 75 imwa pafupi 12. Matayala ache ngodula, batire yache njodula, ndipo zitsulo zache zonse ziyenera kukhala zazikulu zolingana nayo. Siilowa pakati pa mitengo, ivuta kutembenuka pa munda waung'ono, ndipo ikayenda pa dothi lonyowa itsendera pansi, kotero kuti mizu ndi madzi zilephera kulowa.

Mbiri ili ndi phunziro pa ichi. Mu 1947 boma la Britain linayamba nchito yaikulu yolima mtedza ku Tanganyika, dziko limene lero ndi Tanzania, ndi cholinga cha maekala oposa 3 miliyoni. Anabweretsa makina akulu akulu, ena osulidwa kuchokera ku akasinja a nkhondo. Koma ku Kongwa mizu ya mitengo inathyola zitsulo, dothi louma linadya mapulawo, ndipo mvula inachepa. Mu 1951 nchitoyo inalekeka, atataya mapaundi oposa 36 miliyoni. Makina analipo, koma sanayambe afunsa dothi.

M'zaka zomwezo ku Coventry, ku England, ankapanga kathirakitala kotuwa ka Ferguson TE20, kosafika hosipawa 30. Kuyambira 1946 kufika 1956 anapanga oposa 500,000. Chinsinsi chache chinali nzeru ya Harry Ferguson yomangirira pulawo pa mikono itatu ya kumbuyo, kuti kulemera kwa pulawo ndi dothi kukanikize matayala a kumbuyo, thirakitala yopepuka nkukoka ngati yolemera. Mikono itatu imene muona pa mathirakitala a lero inachokera pamenepo. Pambuyo pache, mu 1964, panatuluka Massey Ferguson 135 ya hosipawa pafupi 45, msinkhu umene uyenera minda yambiri ya pakati.

Komanso yochepetsa ili ndi vuto lache. Thirakitala yopepuka ikanyamula chitsulo cholemera kumbuyo, matayala a kutsogolo adzuka ndipo chiwongolero sichigwira. Ikakoka ngolo yodzala pa mtsetse, ngolo ndiyo iikankha. Injini yogwira nchito yoposa msinkhu wache tsiku ndi tsiku ikalamba msanga, monga ng'ombe yaing'ono pa goli lalikulu.

Ya matayala awiri

Pakati pa ng'ombe ndi thirakitala ya matayala anai pali ina ya matayala awiri, imene woyendetsa aitsata pambuyo atagwira zigwiriro. Mphamvu yache ndi hosipawa 8 kufika 15. Iyenera kwambiri m'minda ya mpunga yonga ya ku Limphasa, Wovwe, Domasi kapena Bwanje, kumene timinda tili ting'ono tamadzi, ndiponso m'madimba. Ikoka kangolo, izunguza mpope ndi chotonolera, ndipo imwa mafuta ochepa. Pa katondo wouma siilima mozama, chotero musaiyembekeze kuchita nchito ya mbale zitatu.

Zofunsa musanapereke ndalama

Choyamba, zipangizo zache zipezeka kuti? Thirakitala yabwino yopanda sefa ya mafuta pafupi ifanana ndi yakufa, makamaka ikaima mu Novembala mvula ili pa mutu. Sankhani mtundu umene amakaniko a kwanu audziwa.

Chachiwiri, matayala ache asuntha? Mizere ya chimanga italikirana masentimita 75, chotero matayala aikidwe pa masentimita 150 kuti ayende m'makwawa osaphwanya mizere.

Chachitatu, ili ndi chitsulo choteteza woyendetsa pamwamba pa mpando, pamodzi ndi lamba? Kugubuduzika kwa thirakitala kwapha alimi ambiri pa dziko lapansi, ndipo dziko la Sweden linalamula zotetezazi pa mathirakitala atsopano kuyambira 1959. Pozula chitsa kapena pokoka galimoto yotitimira, unyolo umangidwe pa chokokera cha pansi. Mukamanga pamwamba, thirakitala itembenuka chagada munthu asanaponde kalachi. Mpando uli umodzi, wa munthu mmodzi. Ana asakwere pa madigadi.

Chachinai, ngati ili yogwirapo kale nchito, pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Ailize m'mawa injini ili yozizira, aone utsi, aone ngati mikono ya kumbuyo inyamula pulawo ndi kuigwira osatsika. Ndipo koposa zonse muiyese pa dothi ndi pulawo. Utoto watsopano usakunyengeni: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachisanu, ngati mugula pa gulu, gwirizanani musanagule. Woyendetsa akhale mmodzi wophunzira bwino. Mlembi alembe maora ndi mafuta tsiku liri lonse. Ali yense alipire pa ekala, ngakhale wapampando, ndipo pa ndalamazo mupatule za oilo, matayala ndi zokonzetsa. Mugwirizanenso za munda woyamba ndi wotsiriza, chifukwa mvula ikagwa ali yense afuna thirakitala tsiku lomwelo, ndipo magulu ambiri apasukira pamenepo. Yambani kulima mutangokolola, dothi likali ndi chinyezi, kuti mzere wa odikira ufupike.

Tsono sabata lino tengani pepala. Lembani maekala anu, mtundu wa dothi lanu, nchito yolemera koposa, ndi masiku amene thirakitala idzagwira nchito pa chaka. Pitani nalo kwa mlangizi wa za ulimi wa kwanu mukaunike pamodzi, musanapite kwa wogulitsa. Sabata la mawa tidzakamba za kuzula zitsa ndi kukonza munda kuti pulawo idutse bwino. Tsalani bwino.