ZIMBABWE: Mankhwala kapena ayi? Funso la mwana wosakhazikika m'makomboni a ku Mashonaland

HARARE – M'mayiko olemera, makolo a mwana amene wapezeka ndi vuto la ADHD amakambirana ndi dotolo za nthawi yoyambira mankhwala ndi mlingo wake. M'makomboni a m'mafamu a ku Mashonaland, komwe kumakhala mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, funsoli limafika mochedwa ndipo nthawi zambiri silifika n'komwe. Mwana wosatha kukhala pansi m'kalasi amangotchedwa wosamva kapena wopulupudza, amalandira chikwapu, ndipo akalephera mobwerezabwereza amasiya sukulu n'kukalowa m'munda wa fodya. Banja limene lakwanitsa kukafika kwa katswiri ku Harare limakumana ndi chisankho chovuta: kumuyambitsa mankhwala mwana wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kapena kudikira.

Vuto lenileni, osati mwano

ADHD ndi chidule cha dzina la Chingerezi la vuto limene limachititsa mwana kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kujijirika mopitirira muyeso ndi kuchita zinthu asanaganize. Silinabwere dzulo. Dotolo wa ku London, George Still, analongosola ana otere mu 1902, ndipo dzina limene likugwiritsidwa ntchito lero linakhazikitsidwa ndi madotolo a matenda a maganizo ku America mu 1987.

Kafukufuku wa mu 2007 amene anasonkhanitsa zotsatira za m'mayiko ambiri anapeza kuti ana pafupifupi 5 mwa ana 100 alionse ali ndi vutoli. Wina wa mu 2020, woona za mu Africa mokha, anapeza pafupifupi 7 mwa 100. Choncho maganizo akuti awa ndi matenda a ana a azungu alibe maziko. M'kalasi ya ana 50 ku Mvurwi, Banket kapena Macheke mungathe kukhala ana awiri kapena atatu otere.

Komabe si mwana aliyense wotakataka amene ali ndi ADHD. Malinga ndi ndondomeko ya madotolo a ku America ya mu 2013, zizindikiro ziyenera kukhala zitatenga miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, ziyambe mwana asanakwane zaka 12, zioneke m'malo awiri kapena ochuluka, monga kunyumba ndi kusukulu, ndipo zikhale zikusokoneza maphunziro kapena ubale wa mwanayo ndi anzake. Palibe kuyeza magazi kumene kungatsimikize vutoli. Dotolo amadalira zimene makolo ndi aphunzitsi anena komanso zimene waona yekha.

Zimene mankhwala amatha ndi zimene satha

Mankhwala odziwika kwambiri ndi methylphenidate, amene anapangidwa koyamba mu 1944 ku kampani ya Ciba ku Switzerland ndipo amagulitsidwa m'dzina lakuti Ritalin. Amachulukitsa timadzi tina totumiza mauthenga mu ubongo, makamaka dopamine, ndipo mwa ana ambiri kusintha kumaoneka tsiku lomwelo: mwana amakhazikika, amamvetsera, amamaliza ntchito. Mphamvu yake ikatha, patapita maola ochepa, zizindikiro zimabwerera. Mankhwalawa sachiza.

Kafukufuku wamkulu wotchedwa MTA, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1999, anatsatira ana 579 a zaka 7 mpaka 9 kwa miyezi 14. Ana amene ankalandira mankhwala moyang'aniridwa bwino anachepetsa zizindikiro kuposa amene ankangophunzitsidwa khalidwe. Koma patatha zaka zitatu kusiyana kwa maguluwo kunali kutazimiririka, ndipo ana amene anamwa mankhwala mosalekeza anatsalira pa msinkhu ndi masentimita pafupifupi awiri.

Kwa ana aang'ono zinthu n'zokayikitsa koposa. Kafukufuku wa PATS wa mu 2006 analemba ana 303 a zaka zitatu mpaka zisanu ndi theka. Phindu la mankhwala linali locheperapo poyerekeza ndi la ana okulirapo, ndipo ana 11 mwa 100 alionse anasiya kumwa chifukwa cha zovuta zimene anakumana nazo. Zovuta zofala ndi kusafuna kudya, kusowa tulo, kuwonda ndi kusachedwa kulira.

N'chifukwa chake mabungwe akuluakulu amagwirizana pa mfundo imodzi. Bungwe la madotolo a ana ku America linanena mu 2011, n'kubwerezanso mu 2019, kuti kwa mwana wa zaka zinayi kapena zisanu chithandizo choyamba chikhale kuphunzitsa makolo njira zowongolera khalidwe. Bungwe la NICE ku Britain linalamula mu 2018 kuti mwana wosakwana zaka zisanu asapatsidwe mankhwalawa popanda kumva maganizo a katswiri wachiwiri. Ndondomeko ya mhGAP ya bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, imene inalembedwera zipatala zopanda akatswiri, imati methylphenidate aganiziridwe kwa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kupita m'tsogolo, njira zina zitayesedwa, ndipo katswiri akhale akudziwa. Mu 2019 ndi 2021 komiti ya WHO inakana kuika mankhwalawa pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri, ponena kuti umboni wa phindu ndi kuipa kwake pa nthawi yaitali unali wosakwanira. Akatswiri ambiri a matenda a maganizo a ana anatsutsa chigamulocho, ponena kuti chikumana ana a m'mayiko osauka chithandizo chimene anzawo a kwina amachipeza mosavuta.

Zofanana ndi ADHD n'zambiri pa famu

Malangizo onsewa amayembekezera kuti dotolo wayamba wachotsa zifukwa zina zimene zingamulepheretse mwana kukhazikika. Pa famu zifukwazo n'zochuluka.

Choyamba ndi njala. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 anapeza kuti ana 27 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zimbabwe anali opinimbira, ndipo mu April 2024 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño. Mwana wopita kusukulu m'mimba muli pululu, kapena wochepa magazi chifukwa cha likodzo ndi njoka za m'mimba, sangamvetsere mphunzitsi. Kumupatsa mwana wotere mankhwala ochepetsa chilakolako cha chakudya n'kuwonjezera moto pa moto.

Chachiwiri ndi fodya ndi mankhwala a m'munda. Mu April 2018 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lofotokoza za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Mashonaland ndi Manicaland, amene ankadandaula za mutu, chizungulire ndi nseru, zizindikiro za chikonga cholowa m'thupi kudzera pa khungu. Aphunzitsi anauza bungweli kuti ana amajomba ndi kutsalira m'maphunziro pa nyengo ya fodya. Ku America, kafukufuku wa mu 2010 wa ana oposa 1,000 anapeza kuti ADHD inali yofala mwa ana amene mkodzo wawo unali ndi zotsalira zambiri za mankhwala ophera tizilombo a gulu la organophosphate, ngakhale kuti sanatsimikize kuti mankhwalawo ndiwo anayambitsa vutolo. Kumadera a Mazowe, Shamva ndi Kadoma kulinso okumba golide amene amagwiritsa ntchito mekyule, chiphe chodziwika kuti chimawononga ubongo.

Chachitatu ndi malungo ndi khunyu. Kafukufuku amene anachitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, motsogozedwa ndi Gretchen Birbeck ndipo anasindikizidwa mu 2010, anasonyeza kuti ana ena opulumuka malungo a mu ubongo amayamba khunyu kapena khalidwe losokonekera patapita miyezi. Kumpoto kwa Mashonaland Central ndi Mashonaland West malungo amavuta chaka ndi chaka. Palinso mtundu wa khunyu umene mwana sagwa, amangoti duu kwa kamphindi, ndipo mphunzitsi amaganiza kuti akulota ali maso. Khutu lotuluka mafinya ndi maso osaona bwino pa bolodi nazonso zimabisala mu dzina lomweli la kusamva.

Chachinayi ndi msinkhu ndi chilankhulo. Kafukufuku wa mu 2018 ku America anapeza kuti ana aang'ono kwambiri m'kalasi mwawo, obadwa mu August m'madera amene malire olowera sukulu ndi 1 September, ankapezeka ndi ADHD kawirikawiri, ndi pafupifupi 30 pa 100 kuposa anzawo obadwa mu September. Ngati miyezi 11 ingasokoneze madotolo kumeneko, kuli bwanji m'kalasi ya pa famu momwe ana ena alibe chiphaso cha kubadwa ndipo amasiyana ndi zaka ziwiri kapena zitatu? Mwana amene kwawo amalankhula Chichewa, n'kupeza mphunzitsi akuphunzitsa m'Chishona ndi m'Chingerezi, angathenso kuoneka wosatchera khutu pamene vuto lake ndi lakuti mawuwo sakuwamva. Malamulo a dziko a mu 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma chilankhulo kulembedwa m'malamulo n'kosiyana ndi kumveka m'kalasi.

Njira yopita kwa katswiri

Ntchito yolanda ndi kugawa minda isanayambe mu 2000, m'mafamu akuluakulu munkagwira ntchito anthu oposa 300,000. Ambiri anataya ntchito, ndipo timakiliniki ndi malo osewerera ana amene mabungwe monga Farm Community Trust of Zimbabwe anathandiza kukhazikitsa anasokonekera m'madera ambiri. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya mbadwa zambiri za anthu obwera zili zopanda dziko, mpaka malamulo a mu 2013 anazindikira unzika wa obadwira m'Zimbabwe kwa makolo a m'mayiko a SADC. Sukulu zambiri za m'minda yogawidwa zinayambira m'nyumba zakale za eni mafamu ndi m'mabalani a fodya.

Unduna wa maphunziro a pulayimale ndi sekondale uli ndi nthambi ya akatswiri oyeza ana a mavuto a kuphunzira, koma maofesi ake ali m'matauni a zigawo ndi maboma, kutali ndi makomboni. Kumbali ya zipatala, kauniuni wa WHO wa mu 2020 anapeza madotolo a matenda a maganizo osakwana 20 m'dziko lonse, pafupifupi onse ali ku Harare. Banja la ku Karoi likatumizidwa kuchokera pa kiliniki kupita ku chipatala cha Chinhoyi, n'kutumizidwanso ku Parirenyatwa kapena Sally Mugabe, limayenda makilomita pafupifupi 200, ndipo tsiku lililonse la pa msewu ndi tsiku lopanda malipiro.

Ulendowo si wa kamodzi. Methylphenidate ali m'gulu lachiwiri la pangano la United Nations la mu 1971 la mankhwala osintha maganizo, kutanthauza kuti saperekedwa popanda chikalata cha dotolo ndipo kuitanitsa kwake kumalembedwa mosamala. M'Zimbabwe ntchito yoyang'anira mankhwala ili m'manja mwa bungwe la MCAZ. Mwana amene wayamba kumwa amafunika kuyezedwa msinkhu, kulemera, kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi pafupipafupi, ndipo mlingo umasinthidwa malinga ndi zimene makolo ndi aphunzitsi aona. Phindu limene kafukufuku wa MTA anapeza linachokera mu kuyang'anira kotereku, mwezi ndi mwezi. Mankhwala ogulidwa mwezi umene fodya wagulitsidwa n'kusiyidwa mwezi wotsatira sangafanane ndi zimenezo.

Kusamwa nako kuli ndi mtengo

Zonsezi sizitanthauza kuti kudikira kulibe ngozi. Ana a ADHD yeniyeni amavulala kawirikawiri kuposa anzawo, ndipo pa famu pali madamu, mathirakitala, moto wa m'mabalani ndi zigubu za mankhwala. Amatsalira m'kalasi, amakanidwa ndi anzawo, ndipo amalangidwa kwambiri. Lamulo la maphunziro lokonzedwanso mu 2020 linaletsa kukwapula ana m'sukulu za m'Zimbabwe, koma mphunzitsi amene walandidwa chikwapu osaphunzitsidwa njira ina amangomutulutsa mwanayo panja. M'banja, khalidwe lotere limadzetsa kulozana zala: ena amati mayi sanalere bwino, ena amaganizira ufiti kapena mizimu, ndipo ndalama zimathera kwa asing'anga ndi aneneri. Kwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene wayezedwa mokwanira, akudya bwino, ndipo njira zina zalephera, mankhwala angakhale chimene chingamusunge pa sukulu.

Zimene zingatheke popanda kudikira Harare

Chithandizo chimene malangizo onse amaika patsogolo sichifuna famase. Makolo amaphunzitsidwa kupereka lamulo limodzi lalifupi pa nthawi imodzi, kuyamikira msanga mwana akachita bwino, kusunga nthawi yodyera ndi yogonera, ndi kulanga mosamenya. Mphunzitsi amamukhazika mwanayo kutsogolo, amamugawira ntchito m'zidutswa, ndipo amamutuma kufufuta bolodi kapena kugawa mabuku kuti mphamvu zake zipeze kopita. Pulogalamu ya Parenting for Lifelong Health, imene WHO ndi UNICEF anakonza pamodzi ndi mayunivesite a ku South Africa ndi Britain, inapangidwa kuti iziphunzitsidwa ndi anthu a m'mudzi osati madotolo.

Zimbabwe ili nacho kale chitsanzo cha ntchito yotere. Friendship Bench, imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu 2006, inaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu kwa anthu ovutika maganizo, ndipo kafukufuku wosindikizidwa mu 2016 anasonyeza kuti njirayi imathandiza. Ntchitoyo inayambira kwa akuluakulu, koma phunziro lake likukhudzanso ana: alangizi a zaumoyo a m'midzi ndi aphunzitsi a makalasi a mkaka, amene boma linalamula mu 2004 kuti akhale m'sukulu za pulayimale, ndiwo amaona mwana tsiku ndi tsiku.

Kwa banja la m'komboni, ndondomeko yanzeru imayambira pa kiliniki yapafupi: mwana ayezedwe kulemera, magazi, makutu ndi maso, ndipo namwino auzidwe ngati anadwalapo malungo aakulu, anakomokapo kapena amagwira fodya. Kenako makolo ndi mphunzitsi ayese njira zowongolera khalidwe kwa teremu yathunthu, akulemba zimene akuona. Ngati mwana wakwana zaka zisanu ndi chimodzi ndipo vuto likadali lalikulu kunyumba ndi kusukulu komwe, kalata yopita kwa katswiri ndi yoyenera, ndipo mafunso ofunika kumufunsa ndi atatu: adzayang'anira mwanayu ndani, mankhwala adzapezeka kuti mwezi uliwonse, ndipo kodi adzaunikanso liti ngati akufunikabe. Kwa boma, ntchito ndi yoonetsetsa kuti mayankho a mafunso atatuwa azipezeka ku Chinhoyi, Bindura ndi Marondera, osati ku Harare kokha.