ZA MAU NDI MALANKHULIDWE: "Ayi" Wovomera

Mwezi uno tiyeni tione liu lina lakale la Chingerezi limene likhoza kusokeretsa mwana wathu aliyense wopita ku Britain kukaphunzira kapena kukagwira ntchito. Liulo limalembedwa aye, ndipo eni ake amalitchula ngati "ayi" wathu uja wokanira. Komatu tanthauzo lake ndi "inde". Tsono mnyamata amene wafunsa munthu wa ku Glasgow ngati basi imene yaima apo ikupita ku Edinburgh, namva yankho lakuti aye, akhoza kuileka basiyo ichoke, chikhalirecho mnzakeyo anavomera ndithu.

Liuli linayamba kuoneka m'mabuku cha m'ma 1570, ndipo poyamba ankalilemba ndi chilembo chimodzi chokha, I. M'maseŵero a William Shakespeare limapezeka kaŵirikaŵiri. Popita zaka anthu ambiri a kumwera kwa England analisiya pocheza nakhazikika pa yes, koma a ku Scotland, a kumpoto kwa England ndi a ku Northern Ireland akali kulinena tsiku ndi tsiku, kumsika ndi pakhomo pomwe. Amishoni amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876 anachokera kwa eni liuli.

Ngakhale ku London komweko liuli silinafe. M'Nyumba ya Malamulo yotchedwa House of Commons, Sipikala akafunsa maganizo a aphungu pa nkhani, ovomera amafuula Aye, okana nafuula No. Pakakhala kutsutsana pa za mbali imene yapambana, aphungu amatuluka kukaŵerengedwa m'makonde aŵiri: ovomera kudzanja lamanja la mpando wa Sipikala, okana kumanzere. Motero lamulo lokhudza anthu mamiliyoni ambiri limakhazikika ndi kaliu kakang'onoka.

Pakati pa asilikali a pamadzi liuli lili ndi ulemerero wina. Wamng'ono akalamulidwa ndi mkulu wake amayankha kuti Aye aye, sir. Kunena yes kukhoza kukhala kungovomereza kuti zimene zanenedwazo nzoona, koma aye aye ndi lonjezo lakuti, "Ndamva, ndazindikira, ndipo ndichita." Namondwe akauka panyanja, mkulu wa chombo alibe nthaŵi yopita kukaona ngati chingwe chamangidwa. Iye amadalira yankho lija, ndipo miyoyo ya onse a m'chombomo imatsamira pomwepo.

Chenjezo lina nali: munthu wa ku Scotland akakuuzani kuti Aye, right mokoka mau, musasekerere msanga, pakuti kaŵirikaŵiri amatanthauza kuti sakukukhulupirirani mpang'ono pomwe. Ifenso timatero tikamati "Eetu, mwalasa!" monyodola munthu wonama.

Achinyamata, khutu lokha limanyenga. Mukafika kwa eni, mau ofanana ndi akwanu musaŵathamangire. Penyani nkhope ya wolankhulayo, ndipo mukakayika funsaninso mwaulemu, makamaka pa za ntchito, za ndalama ndi za mankhwala. Akulu anati safunsa anadya phula.

Ndipo inu makolo, taganizirani za yankho la msilikali wa pamadzi lija. Kangati mwana watumidwa kumadzi kapena kuchigayo, nayankha "Ee" maso ali kwina, ntchito yosagwirika mpaka dzuŵa kuloŵa? Nanga ife akulu, kangati tavomera pamsonkhano kuti tidzabwera kudzaumba njerwa za sukulu, tsiku lake osaoneka? Ana amaphunzira kuvomera poona m'mene ife timasungira zimene tavomera. Chicheŵa chathu sichisoŵa mau: tili ndi "inde", "eya", "chabwino" ndi "ndamva". Tisankhepo limene tifuna, koma tikalinena, wotitumayo athe kupita ku ntchito zina mtima uli m'malo.