Mawu akuti "orijino" satseka oilo

Pali mkangano umene sukutha pakati pa eni njinga zamoto zakale ndi amakaniko awo, kuyambira ku Ndirande ndi ku Limbe mpaka ku Biwi mu Lilongwe. Mkanganowu ndi wa kanthu kopyapyala ngati chikuto cha kope, kotchedwa gasiketi. Ena akuti munthu wokonda njinga yake asayerekeze kuika gasiketi ina iliyonse koma yochokera ku kampani imene inapanga njingayo. Ena akuti kumeneko nkutaya ndalama, gasiketi ndi gasiketi basi, yapamsika nayo imagwira ntchito. Ine ndikuti mbali zonse ziwirizi zikufunsa funso lolakwika, ndipo amene akudyerera pa chisokonezochi ndi wamalonda wabodza.

Kwa amene sanaonepo m'kati mwa injini: zitsulo ziwiri, ngakhale zitasalazidwa bwanji, sizigwirana kotheratu. Pamatsala timipata tosaoneka ndi maso, ndipo oilo kapena moto wa m'silinda umapeza njira pamenepo. Gasiketi ndiyo imagona pakati pa zitsulozo ndi kutseka timipatato. Pa njinga ya silinda imodzi pali gasiketi yapamwamba, pakati pa hedi ndi silinda, imene imalimbana ndi moto weniweniwo. Pali yapansi pa silinda. Palinso za m'mbali, pa zivundikiro za kilachi ndi magineto. Ntchito zake nzosiyana, ndipo nchifukwa chake yankho limodzi silingakwanire onsewa.

Tiyambe ndi mawu akuti "orijino", popeza ndi amene amatidyera ndalama. Kodi orijino wake ndi uti?

Mwini BSA Bantam, kanjinga ka ku Birmingham kamene kanapangidwa kuyambira 1948 mpaka 1971, alibe kampani yoti nkuilembera kalata. BSA yakaleyo inaleka kupanga njinga mu 1973. Dzinali lilipo lero, koma lili m'manja mwa kampani ya ku India, ndipo njinga zimene likupanga sizigwirizana ndi Bantam ngakhale bawuti. Choncho gasiketi iliyonse yatsopano ya Bantam inapangidwa ndi anthu ena. Yotsala ndi ija inagona pashelefu zaka 50 kapena kuposerapo, ndipo gasiketi yapepala kapena yamphira ikakhalitsa chotero imauma, imafota, nthawi zina imathetheka musanaiike nkomwe. Kulipira ndalama zambiri chifukwa cha phukusi lakale lolembedwa BSA nkwabwino kwa munthu wofuna kulipachika pakhoma.

Nanga Honda, Yamaha ndi Suzuki, makampani amene alipobe? Nawonso gasiketi imene angakugulitseni lero si ija ya 1978. Magasiketi ambiri a zaka zimenezo anali ndi asibesitosi, chifukwa sapsa msanga ndi moto. Koma fumbi la asibesitosi limawononga mapapo ndipo limayambitsa khansa, kotero maiko anayamba kumuletsa: Britain mu 1999, maiko a mgwirizano wa ku Ulaya mu 2005, Japan mu 2006, South Africa mu 2008. Opanga anasintha zipangizo. Onjezanipo kuti makampani a njinga kawirikawiri sadzidulira okha magasiketi. Amapereka muyeso kwa mafakitale odziwa ntchitoyo, iwo nkungoika m'phukusi la dzina lawo. Tsono chimene mumagula mukagula ya kampani ndi muyeso wolondola ndi dzina la wina amene angachite manyazi chinthucho chikalephera. Zimenezi nzamtengo, sindikutsutsa ayi. Koma si kampani ya njinga yokha imene ingakupatseni zimenezi. Athena ya ku Italy, Vesrah ya ku Japan ndi Cometic ya ku America akhala akupanga magasiketi a njinga kwa zaka zambiri, ndipo amalemba dzina lawo pa phukusi mosabisa.

Ndikumbutseko pang'ono za asibesitosi uja. Mukamatsegula injini imene sinatsegulidwepo chiyambire zaka za m'ma 1970 kapena 1980, gasiketi yomatirira pachitsuloyo musaipale ndi sandipepa kapena bulashi yawaya ili youma. Inyowetseni kaye, muichotse pang'onopang'ono. Anyamata ophunzira ntchito m'magalaja ndiwo amapatsidwa ntchito yopalayi, ndipo palibe amawauza.

Tsono mdani weniweni ndi gasiketi yopanda mwini: yopangidwa kosadziwika, yovekedwa phukusi lokhala ndi phiko la Honda kapena chizindikiro cha Yamaha, nkumagulitsidwa pa mtengo wapakatikati kuti wogula aziti wachita mwayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gasiketi yotchipa imene ikunena poyera kuti inapangidwa ndi fakitale yakutiyakuti ku Taiwan, ku India kapena ku China ndi yabwino kuposa yonamizira, chifukwa mukudziwa chimene mwagula ndipo mudziwa pokaiika. Yonamizirayo imakuchotsani tcheru. Mumaiika pa hedi ndi mtima wonse, mumanga mabawuti, mukwera msewu wochoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre dzuwa lili paliwombo, ndipo ikaphulika mumadzudzula makaniko.

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti gasiketi yoipa imangodontha oilo, munthu nkupukuta ndi kansanza. Kudontha ndi vuto laling'ono mwa onse.

Tengani njinga za two-stroke zimene alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito za m'mabungwe ankakwera m'midzi, monga Yamaha DT125, Yamaha AG100 ndi Suzuki TF125. Pa injini zimenezi petulo wosakanikirana ndi mpweya amadutsa kaye kunsi kwa pisitoni asanakwere kukapsa. Gasiketi yapansi pa silinda ikangolola kampweya kulowa, petulo amachepa m'chisakanizocho, injini imatentha kupyola muyeso, ndipo pisitoni imagwira m'silinda kapena kubooka pamwamba. Panja simuona dontho ngakhale limodzi. Chizindikiro chake nchakuti injini imayamba kulira mokwera yokha mutasiya mafuta, kapena pulagi imatuluka yotuwa m'malo mwa yofiirira. Makulidwe a gasiketi yomweyo nawonso ndi nkhani. Imakhala pafupifupi theka la milimita, ndipo ikanenepa kapena kupyapyala imakweza kapena kutsitsa silinda yonse. Mpata wa pakati pa pisitoni ndi hedi umasintha, ndipo nthawi imene mazenera a m'silinda amatseguka imasinthanso. Njinga imene inkakwera Dedza mosavuta imayamba kupempha giya yachiwiri, mwini wake nkumatsuka kabuleta tsiku ndi tsiku.

Pa njinga za four-stroke zokhala ndi kamu pamwamba, monga Honda XL125 ndi CB125, ngozi ili pa tinjira ta oilo. Pampu imakankha oilo kudutsa m'timabowo ta m'zitsulo, ndipo tinjirato timaoloka pamene pali magasiketi ndi timphete tamphira. Pa injini zambiri za Honda za nthawi imeneyo kamu imazungulira pa aluminiyamu wa hedi yeniyeniyo. Gasiketi imene bowo lake laphonya pang'ono, kapena imene wodulayo anaiwala kubowola, imamana kamu oilo, ndipo m'kanthawi kochepa hedi yadyeka. Hedi ya njinga ya zaka 45 simungaipeze pa kauntala. Silikoni wa m'chubu, amene amakaniko ena amapaka ngati akupaka majarini pa buledi, amachitanso chimodzimodzi: wotsalayo amafinyikira m'kati, amaduka, nkukatseka kanjira ka oilo.

Palinso msampha wina umene wabwera ndi njinga za kabaza. Honda inatulutsa CG125 mu 1975, itatumiza akatswiri ake kukaona mmene anthu a m'maiko osauka amagwiritsira ntchito njinga: katundu wochuluka, fumbi, oilo wosasinthidwa. Inapanga injini yosavuta, ya kamu pansi, yopirira nkhanza. Injini imeneyi mafakitale a ku China aikopera kwambiri, ndipo ili m'njinga zochuluka zimene zikunyamula anthu m'matauni mwathu. Kwa mwini CG125 yakale zimenezi ndi mwayi, chifukwa masipeya ali ponseponse. Koma zokoperazo zili m'misinkhu yosiyana. Silinda ya 125 ndi yotambalala mamilimita 56.5, pamene ya 150 ndi mamilimita 62, ndipo magasiketi ake ukawaona patali amafanana. Wamalonda akuti "ndi CG yomweyo, bwana, ilowa." Kulowa ikhoza kulowa. Koma gasiketi ya bowo lalikulu imasiya mpata m'mphepete mwa silinda yaing'ono, ndipo ya bowo laling'ono pa silinda yaikulu imasuzumira m'moto nkupserera.

Ndiye munthu achite chiyani? Ine maganizo anga ndi awa. Pa hedi, ndi paliponse pamene padutsa kanjira ka oilo, gulani ya kampani ngati ikupezeka kwa wogulitsa wovomerezeka, apo ayi ya wopanga wodziwika dzina. Musanyinyirike ndi mtengo pamenepa, chifukwa pisitoni, maringi ndi kubowoletsa silinda zidzakudyerani kangapo kuposa pamenepo. Pa chivundikiro wamba chimene ntchito yake nkungosunga oilo kapena kutchinga fumbi, pepala la gasiketi logula pa mpukutu limakwanira, ndipo makaniko waluso amalidula pomwepo pogogoda m'mphepete ndi kahamala. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Chochititsa manyazi ndi katoni ya sopo kapena ya tiyi, imene imamwa oilo nkufewa ngati phala. Ndipo musataye gasiketi yakale musanagule ina. Pitani nayo kusitolo, muisanjike pa yatsopanoyo, muwerenge mabowo limodzilimodzi. Wamalonda wokana kuti mutsegule phukusi wakuuzani kale zonse.

Eni njinga zokhala ndi gasiketi ya hedi ya kopa yekhayekha, monga zambiri za ku Britain ndi za two-stroke zina, ali ndi mwayi umene achinyamata saudziwa. Kopa amauma akapanikizidwa, koma mukamuotcha mpaka afiire nkumuziziritsa amafewanso, ndipo gasiketi yomweyo ikhoza kubwerera m'malo mwake ngati sinang'ambike kapena kuphwatalala. Izi sizigwira pa ija ya kopa kunja koma m'kati muli zina.

Alipo amene anganditsutse, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Akuti: iwe ukunena za Athena ndi Vesrah, kodi tizipeza kuti, ndi ndalama ziti? Chiyandamitsireni kwacha mu 1994 katundu wakunja wakhala akukwera, ndipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kunangothira mchere pabala. Mphunzitsi wopuma ntchito amene CG125 yake ndiyo imamufikitsa kumunda ndi kuchipatala sangadikire miyezi iwiri phukusi lochokera ku London. Zoona. Koma taonani kuti gasiketi ndi chimodzi mwa zinthu zochepa za njinga zimene zimakwana mu envelopu. Inu abale amene munabwerako ku Johannesburg, Harare, Lusaka kapena Manchester, ndipo muli ndi anzanu amene amapita ndi kubwera, seti yathunthu ya magasiketi siilemera kuposa nyuzipepala imene mwagwirayi. Nthawi yoitanitsa ndi pamene injini ikadali bwino. Ndipo ngati zavutitsitsa, yotchipa yodziwika kuti njotchipa, yoyezedwa bwino pa yakale, ikhoza kukusungani miyezi ingapo. Chimene ndikukana ndi kulipira mtengo wa Honda pa chinthu chimene Honda sanachionepo.

Amakaniko nawo asabisale kumbuyo kwa magasiketi a feki. Gasiketi yabwino kwambiri imaphulika ngati hedi yapindika, ndipo kuyeza sikufuna makina: galasi losalala ndi sandipepa wosalala bwino zimaonetsa pamene pakwera ndi pamene patsika. Mabawuti a hedi amamangidwa mopingasa, pang'onopang'ono, pa mphamvu imene buku la njingayo linanena, osati mpaka mkono utatopa. Sipanala yoyezera mphamvuyi m'magalaja ambiri a pansi pa mtengo mulibe. Amakaniko asanu oyandikana atasonkherana akhoza kugula imodzi. Ndiponso magasiketi ena amafuna kuti injini ikatentha koyamba nkuzizira, mabawuti awonjezeredwe, koma ndi angati amauza mwini njinga kuti abwerenso?

Za phukusi lonama, lamulo lilipo. Dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza ogula mu 2003, ndipo kugulitsa chinthu pochinamizira dzina la kampani ina ndi kunyenga wogula, kaya chinthucho ndi feteleza, mankhwala kapena gasiketi. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere. Koma dandaulo limayenda ndi umboni, ndipo ambiri a ife timachoka pa kauntala opanda lisiti. Uzani wamalonda alembe pa lisitipo mawu omwewo amene wanena pakamwa, akuti "orijino Honda", ndi dzina la sitolo yake. Ambiri mudzaona akuyamba kusintha mawu: "ndi kope yabwino, bwana, ya giredi wani." Zikatero mtengo utsike pomwepo, ndipo inu mwadziwa kuti imeneyo njoyenera chivundikiro cha magineto, pa hedi isafike.