Musanakweze udzu pa lole, funsani kuti ibwerera ndi chiyani

Tchuthi chapitachi ndinatsala pang'ono kuwalowetsa amalume anga m'ngongole chifukwa cha udzu. Bambo wina amene amagula udzu wouma wa ng'ombe pa famu ina kufupi ndi Lilongwe n'kumakagulitsa kwa alimi a ng'ombe za mkaka ku Thyolo anandiimbira foni kuti akufuna galimoto. Anali atamva kuti amalume ali ndi lole ya matani 7, ndipo kuti pa tchuthi ndine ndimawasungira mabuku. Ndalama imene anatchula pa ulendo umodzi inandidzutsa pampando. Anati maulendo akhala anayi. Asanadule foni, m'mutu mwanga ndinali nditalipira kale fizi ya semesita yonse, n'kutsalako ya nsapato.

Nditawafotokozera amalume, sanavomere ndipo sanakane. Anangoti, "Mphwanga, tenga kope ndi cholembera. Lole imeneyi ikatsitsa udzu ku Thyolo, ibwerera ndi chiyani?"

Ndinalibe yankho. Ambirife pasukulu pano timafuna maganyu a pa tchuthi, ndipo ena tili ndi abale a magalimoto amene amatidalira kuti poti tikuphunzira, tiziwathandiza masamu. Maganizo anga ndi akuti ntchito yonyamula udzu mtunda wautali, pa mtengo umodzi wongotchulidwa pafoni, kawirikawiri siipindulitsa mwini galimoto. Imayamba kupindulitsa pokhapokha ulendo wobwerera ukhale ndi woulipira. Amene wavomera asanadziwe zimenezi ndiye kuti wadzipereka kuthandiza bizinesi ya mnzake ndi matayala ake.

Sindikunena kuti ntchitoyi ndi yachabe. Udzuwo ukufunikadi. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula siigwa, ndipo pofika Ogasiti msipu umakhala utauma kapena utapsa ndi moto wolusa. Ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi Blantyre kuli alimi ang'onoang'ono ambiri a ng'ombe za mkaka, amene amagulitsa mkaka wawo kudzera m'magulu a pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association. Ambiri a iwo amadyetsera ng'ombe m'khola, chifukwa malo ndi ochepa: anthu ndi ochuluka, ndipo ku Thyolo ndi Mulanje minda ya tiyi inatenga dera lalikulu. Nsenjere za m'mbali mwa munda zikatha, mapesi akatha, ng'ombe imayamba kuchepetsa mkaka, ndipo mlimi amaona zimenezi pa ndalama za kumapeto kwa mwezi. Choncho wogula alipo. Funso ndi lakuti kodi wonyamula atsala ndi chiyani.

Vuto loyamba ndi udzuwo. Udzu wouma ndi wopepuka koma umadya malo. Mabelo amene bambo aja amagulitsa anali a makilogalamu pafupifupi 15 lililonse. Titayeza kumbuyo kwa lole, tinapeza kuti tikawasanja bwino, osapitirira msinkhu woti lole iyambe kupendekeka pamakona, tikhoza kukweza mabelo 200. Amenewo ndi matani 3 basi, pa galimoto yonyamula matani 7. Lole yadzaza mpaka pamwamba, anthu a m'mbali mwa msewu akuiyang'ana, koma yanyamula katundu wosakwana theka la mphamvu zake. Mwini udzu amawerengera pa belo, ndipo sangalipire zambiri chifukwa belo la udzu si la mtengo ngati la fodya. Koma injini sidziwa kuti kumbuyo kuli udzu. Imafuna dizilo wake, ndipo katundu wautali chonchi amalimbana ndi mphepo njira yonse.

Vuto lachiwiri ndi mtunda. Kuchoka ku Lilongwe kudzera Dedza, Ntcheu, Zalewa mpaka Blantyre ndi makilomita opitirira pang'ono 300. Kuwonjezera a ku Limbe, Bvumbwe mpaka ku Thyolo, tinawerengera 350. Bambo aja ankanena za makilomita 350 amenewa. Amalume ankanena za 700, chifukwa lole iyenera kubwerera kwawo. Lole yawo ikanyamula imayenda makilomita 4 pa lita imodzi, ikakhala yopanda kanthu imayenda 5. Popita ndi malita pafupifupi 88, pobwera 70. Onse pamodzi ndi malita pafupifupi 160, ndipo pafupifupi theka la amenewo ndi oyendetsera mphepo.

Mitengo imasintha kawirikawiri, choncho m'malo motchula makwacha enieni ndigawa ndalama ya ulendo umodzi ngati kuti inali K100. M'kope mwathu, dizilo yekha anatenga K58. Kenako panali ma toll gate. Kuyambira chakumapeto kwa 2021, pamene ya pa Chingeni ku Ntcheu inatsegulidwa, kenako ya pa Kalinyeke ku Dedza, galimoto yochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre imalipira kawiri popita, kawiri pobwera, kaya yanyamula kaya ayi. Ndalama zimenezi pamodzi ndi za aganyu okweza ndi kutsitsa mabelo zinakwana K9. Dalaivala, womuthandiza, chakudya chawo ndi pogona zinatenga K14. Apa n'kuti patsala K19, ndipo ine ndinali ndikumwetulirabe.

Amalume anandilanda cholembera n'kulemba mzere wina umene ine sindinauganizire: matayala, oyilo, mabuleki, masipuling'i, inshulansi ndi COF. Zinthu zimenezi sizilipiridwa tsiku la ulendo, n'chifukwa chake timaziiwala. Koma kilomita iliyonse imadyako pang'ono pa tayala, ndipo tsiku logula latsopano limafika ndithu. Malinga ndi mabuku awo a chaka chathachi, gawo la ulendo umenewu linali K15. Panatsala K4. Pa maulendo anayi ndi K16, ndalama yosakwana kugula tayala limodzi likaphulika pa Zalewa. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo K4 imeneyo inali ya ulendo woyenda bwino, umene sunakumane ndi chilichonse. Tonse tikukumbukira mizere ya magalimoto pa malo omwetsera mafuta zaka zapitazi, pamene dalaivala ankagona pamzere usiku wonse kudikira dizilo. Ulendo wa masiku awiri umasanduka wa masiku anayi, ndipo tsiku lililonse lowonjezera ndi chakudya, pogona ndi ntchito ina imene lole yaphonya. Kwa ife amene timaimitsa galimoto Lachisanu dzuwa likamalowa, ulendo wonyamuka Lachinayi ukachedwa tsiku limodzi lokha umakatha sabata yotsatira. Zimenezi ziyenera kulowa m'masamu musananyamuke, osati muli kale pa Lunzu.

Palinso nkhani ya kwacha. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Dizilo, matayala ndi zipangizo za galimoto zonse zimachokera kunja. Bungwe la MERA likalengeza mtengo watsopano wa mafuta, silifunsa ngati munagwirizana kale ndi munthu mtengo wa maulendo anayi. Amene wavomera ndalama imodzi yosasintha pa ntchito ya miyezi iwiri wasenza yekha chiopsezo chonse, mwini katundu akugona tulo.

Udzu nawonso uli ndi makhalidwe ake. Ukamangidwa usanaumitsitse umatentha m'kati mwa belo, umachita nkhungu, ndipo nthawi zina umatha kuyaka wokha. Ukanyowa panjira, kaya ndi chiperoni cha ku Thyolo kaya ndi mvula yoyamba, wogula akhoza kuukana. Ndudu imodzi yoponyedwa pa malo oimapo magalimoto ikhoza kutentha katundu ndi lole yomwe. Zikatero, ndani alipire? Pafoni paja sitinakambirane zimenezi, ndipo pamene palibe pangano lolembedwa, mlandu umagwera amene katundu anali m'manja mwake.

Ndikudziwa zimene ena a inu munganene, chifukwa ine ndinawauzanso amalume zomwezo. Ntchito ndi yosowa. Lole yongokhala pabwalo siibweretsa kanthu, pamene inshulansi ikutha masiku. Mukakana inu, mawa lomwe wina avomera. Komanso munthu ukamugwirira bwino ntchito yaing'ono, mawa amakupatsa yaikulu.

Mfundo zimenezi zili ndi choonadi chake. Inshulansi ndi COF zimalipiridwa kaya lole ikuyenda kaya ayi, choncho ulendo umene wabweza ndalama ya dizilo, anthu ndi matayala n'kutsalako pang'ono ndi wabwinoko kusiyana ndi kukhala. Koma lole yongokhala siitha matayala, siiphulitsa injini pa chitunda, ndipo imakhala ilipo wina akabwera ndi ntchito yabwino. Ngati phindu lili lochepa moti vuto limodzi laling'ono likhoza kulifafaniza, ndiye kuti mukuchita juga ndi galimoto imene ikudyetsa banja lonse. Za wina amene avomere, inde avomera, ndipo n'chifukwa chake mitengo yonyamulira katundu imakhala pansi: nthawi zonse pamapezeka munthu amene sanawerengere matayala. Amayenda miyezi ingapo akuoneka ngati zikumuyendera, kenako lole ija mumaiona itakhala pa miyala kuseri kwa nyumba. Ndipo kasitomala amene munamuzoloweza mtengo wotsika sabwera kudzakuuzani kuti mukweze. Amabwera ndi mnzake wofunanso mtengo womwewo.

Pali mfundo ina yolemera kuposa zonsezi, imene ndinaiganizira kwa masiku angapo. Mtengo wonyamulira ukakwera, belo limakwera, ndipo amene amavutika ndi mayi wa ng'ombe ziwiri ku Bvumbwe, amene mtengo wa mkaka wake sauika yekha. Zimenezi ndi zoona. Koma mayi ameneyu sathandizidwa ndi lole imene ifa chaka chamawa. Chimene chingamuthandize ndi chakudya cha ziweto chopezeka pafupi: kubzala udzu wa Rhodes ndi nsenjere, kumweta ndi kuumitsa udzu mvula ikangotha pamene udakali ndi chakudya, kusunga mapesi ndi zotsalira za mtedza m'malo mozitentha, ndiponso kuti magulu a alimi azigula pamodzi nthawi yabwino. Inu amene mukuphunzira zaulimi, ntchito yanu ndi imeneyo. Udzu woyenda makilomita 350 ndi chizindikiro chakuti penapake sipanakonzeke.

Nanga ntchito yotere ivomerezedwe liti? Poyamba, mtengo uwerengedwe pa makilomita onse, opita ndi obwerera, ndipo pangano linene kuti dizilo akakwera mtengo nawonso ukwera. Chachiwiri, ndalama ya dizilo iperekedwe lole isananyamuke, kaya pa Airtel Money kaya pa Mpamba, kuti pakhale umboni, ndipo yotsalayo iperekedwe mabelo asanatsitsidwe onse. Mawu akuti "ndikupatsani ndikagulitsa" asandutsa eni magalimoto ambiri kukhala banki yosalandira chiwongoladzanja. Chachitatu, mabelo awerengedwe ndi kuyang'anidwa pokweza, mwini wake ali pomwepo: lowetsani dzanja m'kati mwa angapo, ngati muli mofunda kapena mwachinyontho, asakwere. Chachinayi, mugwirizane za tenti, zingwe, ndi amene alipire tsiku lodikira ngati wogula sanakonzeke. Chachisanu, chimene chimaposa zonse, pezani katundu wobwerera naye musanavomere. Ndipo inu ophunzira, lembaninso mzere wa masiku anu. Tchuthi ndi chachifupi, ndipo masabata atatu amene mwathera pamsewu ndi masabata amene mukanagwira ganyu ina.

Ife tinabwerera kwa bambo aja ndi mfundo zimenezi. Za kukweza mtengo anakana, koma anavomera kupereka ndalama ya dizilo poyamba. Ndinatha masiku atatu ndikuimba mafoni kufuna katundu wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, mpaka ndinapeza munthu wa sitolo ya zipangizo zomangira amene ankafuna simenti. Matumba 140 a makilogalamu 50 ndi matani 7 ndendende, ndipo satenga malo ngati udzu. Dizilo wa pobwerera anakwera chifukwa cha kulemera, koma tsopano ulendo wobwerera unali ndi woulipira. Simentiyo inalipo ya maulendo awiri okha. Tinayenda awiriwo, enawo tinakana.

Bambo aja sanasangalale, ndipo anapeza lole ina tsiku lomwelo. Ine ndinabwerera kusukulu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a fizi, osati yonse monga ndinkalotera, ndipo nsapato ndi zomwe zija mukundiona nazo. Kunena zoona, tsiku limene ndinaona lole ya munthu wina ikutuluka pa famu paja itasenza mabelo amene akanakhala athu, mtima unandiwawa. Amalume anandiona nkhope n'kunena kuti, "Mphwanga, lole ili pabwalo, matayala onse ndi amoyo, ndipo palibe amene tili naye ngongole." Kope lija ndinalisunga. Tchuthi chikubwerachi, aliyense amene aimbe foni kufuna galimoto ndidzayamba ndamufunsa kuti katundu wake akukatsikira kuti, kenako ndidzafufuze chimene chikuchoka kumeneko kubwera kuno.