Luso la Manja: Kabolodi Kotchajira Foni Kakavuta Tsiku Loyamba

M'midzi yomwe mawaya a magetsi sanafikeko, batire ya 12V yodzazidwa ndi sola ndiyo imatchaja mafoni a mudzi wonse, kuphatikizapo ya mlangizi wa zaulimi ndi ya msungichuma wa banki nkhonde. Komatu foni imafuna 5V basi. Pakati pa batire ndi foni pamafunika kabolodi kotsitsa mphamvuyo, ndipo amisiri ena amadzipangira okha ndi kachipangizo ka miyendo isanu kotchedwa LM2596. Kachipangizoka kamayatsa ndi kuzimitsa magetsi maulendo 150,000 pa sekondi, choncho sikawononga mphamvu ngati 7805 wakale uja, amene pa batire ya 12V amasandutsa mphamvu yoposa theka kukhala kutentha chabe.

Bolodi yongomangidwa kumene siyesedwa ndi foni, makamaka foni ya mwini. Mmisiri wosamala amayamba waika babu la galimoto la 21W pa waya wochokera ku batire. Babulo likawala kwambiri chonsecho palibe chimene chalumikizidwa, ndiye kuti penapake pali shoti: kadontho ka mtovu kalumikiza miyendo iwiri, kapena diode yaikidwa chozondoka. Mbali ya diode yokhala ndi kamzere iyenera kupita ku mwendo wachiwiri. Babu la mtengo wochepalo limatchinga moto umene ukanapsereza bolodi yonse.

Mita ikasonyeza kuti sipakutuluka kalikonse, kawirikawiri mlandu uli pa mwendo wachisanu, umene uyenera kulumikizidwa ku negativu. Ukapita ku pozitivu, kachipangizoko kamangogona.

Mwendo wachinayi ndiwo wofunika kuufatsirira. Ndiwo khutu limene kachipangizoko kamamvera mphamvu yotuluka, ndipo pa mtundu wolembedwa ADJ pamayenera kupezeka 1.23V. Resistor ya 1k yopita ku negativu ndi ya 3k yopita kotulukira zimapereka pafupifupi 4.9V. Zikasinthanitsidwa malo pamatuluka 1.6V yokha, ndipo foni sigwedezeka n'komwe. Choopsa ndi pamene ya 3k sinagwire bwino mtovu: kachipangizoko kamayesa kuti mphamvu yachepa, n'kutsegula njira yonse, ndipo pafupifupi 12V yonse imafika kotulukira. Foni imene mlimi anagula atagulitsa matumba a mtedza ingapse m'kuphethira kwa diso, pamodzi ndi manambala a ogula mbewu zake.

Pali bolodi ina yonyenga: imasonyeza 5V ili yokha, koma ikapatsidwa katundu mphamvu imagwa ndipo imatentha. N'chifukwa chake iyenera kuyesedwa ndi resistor ya 5 ohm ya 10W, imene imakoka 1A, kwa mphindi zingapo. Apa wopalamula wodziwika ndi diode ya 1N4007. Imapezeka m'mawailesi ambiri akufa, n'chifukwa chake amisiri amaikonda, koma ndi yochedwa pa liwiro lotere. Yoyenera ndi yothamanga ngati 1N5822. Coil yozulidwa paliponse nayo imavuta. Pamafunika ya pafupifupi 33µH, ya waya wokhuthala. Ndipo mawaya owonda, ataliatali, ochokera ku batire amadya mphamvu isanafike n'komwe pa bolodi.

Wailesi ikayamba kusokosa bolodi ikayatsidwa, capacitor yolowera ili kutali. Iyenera kukhala pafupi kwenikweni ndi mwendo woyamba ndi wachitatu. Nambala yolembedwa pa capacitor imeneyi isanyalanyazidwe. Sola yotchedwa ya 12V imatha kupitirira 20V dzuwa likaswa mtengo popanda batire, kotero wolumikiza bolodi ku sola mwachindunji ndi capacitor ya 16V adzaiona ikutupa kapena kuphulika. Ya 35V kapena 50V imapirira.