Peugeot ya malume siitsika, ndakana

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, nkhani ija ya mu staff room ndati ndiimalize bwinobwino chifukwa belu linatidula pakamwa.

Ambiri a inu mukuidziwa Peugeot 504 yoyera imene yakhala pamiyala kuseri kwa nyumba yanga kuno kwa Mdeka. Anaisiya ndi malemu malume anga, ndipo akubanja anagwirizana kuti ndiisunge ine. Chaka chino ndatolera kangachepe, kena ka banki mkhonde kena ka nandolo, kuti galimotoyi idzuke. Anthu atangomva zimenezo basi aliyense wasanduka injiniya.

Woyamba kubwera anali mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Physical Science, pano ndi makaniko ndipo anakhalako ku Joni. Anaizungulira kawiri, n'kumenya tayala ndi phazi, kenako amvekere: "Aphunzitsi, injini yachikaleyi tichotse tiikemo ya Toyota. Masipuling'i tidule kuti itsike, tiike marimu onyezimira, magalasi akuda, masipika kubuti. Mukamadutsa pa Lirangwe anthu azidzaimirira." Mawa lake mnzanga wa History anandiuza zosiyana kwambiri. Iye akuti ndisasinthe ngakhale nati imodzi, chifukwa galimotoyi ndi mbiri. Onse awiri ndimawakonda, koma onse awiri alakwa, ndipo wolakwa kwambiri ndi mwana wangayo.

Tiyambe ndi zotsitsazi. Kodi mukudziwa chimene chinatchukitsa 504 mu Africa muno? Galimotoyi inatuluka ku France mu 1968, n'kusankhidwa kukhala galimoto ya chaka ku Ulaya mu 1969. Koma kuno sitinaikondere mphotoyo ayi. Tinaikonda chifukwa ndi yaitali kuchoka pansi, ndipo masipuling'i ake ali ndi mpata waukulu wokwera ndi kutsika, moti imameza maenje anthu m'katimo ali phee. N'chifukwa chake ku France atasiya kuipanga, ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 2004, ku Nigeria mpaka 2006. Tsono munthu adule masipuling'i amenewo? Ndiye kuti wachotsa chinthu chokhacho chimene galimoto zatsopanozi sizingaipose nacho. Kuchoka pa tala wa M1 kufika pakhomo panga pali kamsewu ka fumbi, ndipo mvula ikagwa kawiri kamasanduka ngalande. Onjezanipo mahampu a m'misika yathuyi. Galimoto yotsitsidwa ingasiye sampu pa mwala woyamba, oyilo yense n'kuthera m'dothi.

Mnyamatayo akuti kutsitsa ndiye kuti galimoto ioneke ya mpikisano. Mpikisano wake uti? Mu 1975 Ove Andersson anapambana Safari Rally ku Kenya ndi Peugeot 504 ya zitseko zinayi ngati yangayi. Mu 1978 Jean-Pierre Nicolas anapambananso ndi 504 Coupé V6, ya zitseko ziwiri. Inde, galimoto zimenezo zinasinthidwa, sindikukana. Koma anazilimbitsa kunsi ndi kuziika chitsulo choteteza sampu, chifukwa zimayenda m'matope ndi m'miyala, misewu yofanana ndi yathu yomweyi. Zotsitsazo ndi za misewu yosalala ya ku Johannesburg, ndipo zikhale komweko.

Nkhani ya injini ndiye yovutirapo, ndipo apa ndivomereze kuti mwana wangayo ali ndi mfundo. Chitsulo cha Toyota ukachifuna umakachipeza ku Ndirande kapena ku Limbe tsiku lomwelo. Cha Peugeot umachita kufunsa uku ndi uku, mwinanso kuitanitsa kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chochokera kunja chimawawa m'thumba. Ine ndi mphunzitsi, malipiro anga mukuwadziwa. Ndinagona nayo nkhaniyi masiku angapo.

Koma taonani mmene galimotoyi inapangidwira. Injini ya 504 siinaime chilili, inapendekeka chammbali kuti boneti ikhale yotsika. Chitsulo chopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo chimayenda m'kati mwa paipi yolimba imene inamangidwa ku giyabokosi. Kuti muikemo injini ndi giyabokosi ya mtundu wina muyenera kudula, kuboola ndi kuwotcherera, ndipo chodulidwa sichibwerera. Mukatero muli ndi galimoto imene buku la Peugeot silikuidziwa, la Toyota silikuidziwanso. Woidziwa ndi yekhayo amene anawotchererayo, ndipo tsiku limene adzabwerere ku Joni ndidzatsala ndi ndani? Palinso nambala ya injini imene ili mu bulubuku, yomwe iyenera kukasinthidwa ku Road Traffic, apo ayi mudzavutika pokatenga COF ngakhalenso pogulitsa.

Chimene anyamata ambiri sadziwa n'chakuti injini imeneyi, ya 1971cc, anaipanga kuti izikonzedwa. Masilinda ake ndi mapaipi ochotseka. Akatha mumawazula n'kulowetsa atsopano pamodzi ndi mapisitoni ake, injini n'kubwerera mwakale popanda kukaiboola ku makina. Malume anachitapo zimenezi pansi pa mtengo wa mango, ine ndikuwagwirira sipanala, ndili Fomu 2. Injini yotere mukaitaye chifukwa choti yakalamba?

Tsopano ndibwere kwa mnzanga wa History, amene akufuna ndisakhudze kanthu. Achimwene, galimoto yosakhudzidwa ndi imene yakhala pamiyala zaka zonsezi, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Ofuna kuona makina akale atangoima apite ku Museum ya ku Chichiri. Ine ndikufuna yoyenda, yokatenga mayi anga kupita nawo kuchipatala, ndiponso yokafika pa bwalo la ndege ku Chileka kukachingamira mlendo. Ndipo galimoto yoyenda pa M1 lero ikukumana ndi zimene malume sanakumane nazo: njinga zamoto za kabaza, mathiraki opita ku Mwanza ndi ku Lilongwe, msika wa pa Lunzu utasefukira mumsewu, ana asukulu athu omwewa akuwoloka osayang'ana. Mabuleki a zaka makumi anayi sindingawakhulupirire chifukwa cha mbiri.

Choncho zosintha zilipo, ndipo sindichita nazo manyazi. Mapaipi onse a mabuleki alowa atsopano. Mapaipi a labala a petulo nawonso achoka, chifukwa petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba, ndipo ethanol amadya labala wakale mpaka kung'aluka. Paipi yodontha petulo pamwamba pa injini yotentha, inu a Physical Science mukudziwa mathero ake. Malamba ndiika mipando yonse, yakumbuyo yomwe, ngakhale kuti inabwera opanda. Magetsi akutsogolo ndiika owala kwambiri. Mapointi, amene malume ankakhalira kuwapala ndi sandipepala m'mbali mwa msewu, ndiwachotsa n'kuikamo kachipangizo kamakono kolowa pamalo omwewo. Matayala atsopano, koma a saizi yake, pa marimu ake achitsulo.

Mwaona kusiyana kwake? Chilichonse mwa izi chimamasulidwa ndi sipanala. Palibe chofuna chodulira kapena moto. Zitsulo zakale zimene ndichotse ndiziika m'katoni, ndilembepo, zikhale m'chipinda, kuti mwana wa malume akadzafuna kuibwezera mmene inalili adzathe. Pajatu galimotoyi ndangosungitsidwa, eni ake ndi banja lonse.

Za magalasi akuda ndi masipika sinditaya nazo nthawi. Mphunzitsi wa msinkhu wanga azibisala kwa ndani? Wayilesi yake yakale ikugwirabe MBC, yandikwanira.

Mnyamata uja ndamuuza kuti ntchito ya mabuleki ndi mapaipi ndimupatsa iyeyo, chifukwa manja ake ndi abwino, koma chodulira zitsulo asiye ku galaja kwake. Anaseka, amvekere aphunzitsi simunasinthe. Loweruka likubwerali tikuitsitsa pamiyala. Amene muli pafupi bwerani m'mawa, chifukwa batire ndilibe ndipo pafunika anthu okankha.